Mbiri Imene Alufeo Sanalembe

Alufeo wa kwa Kaphuka anayamba kutchuka ndi mpira. Kusukulu ya aphunzitsi ya amishoni, masewerawo atangofika kumene, iye ankamenya wopanda nsapato, ndipo woima patsogolo pake ankaona zakuda. Bondo litaguluka mu 1909, basi, za mpira zinathera pomwepo.

Anayamba kulemba nkhani m'kapepala kamene amishoni ankasindikiza: za mvula, za maukwati, za afisi ogwira mbuzi ku Mayani. Koma mtima wake unali pa zakale. Ankafunitsitsa kulemba mbiri ya phanga lina la m'phiri la Chongoni, m'mene mudzi wathunthu unabisala pothawa nkhondo. Kulikonse kumene ankafunsa, yankho linali limodzi: "Mwa amene analowamo atsala ndi aNambewe okha. Kafunseni iwowo."

Tsoka lake, aNambewe anali apongozi ake, mayi ake a Marita, mkazi wake. Ha! Mkamwini n'kukhala pansi kumacheza ndi apongozi? Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Mafunso ankadzera mwa Marita, ndipo Marita, amene zakale analibe nazo ntchito, ankabwerako ndi mawu awiri atatu, ena ataiwala panjira. Alufeo zinkamuwawa kwabasi.

Chimfine chija cha mu 1918 chitalowa m'mudzi, aNambewe anadwala mpaka osathanso kudzuka pamphasa. Tsiku lina masana, Marita atapita kudambo kukatunga madzi, Alufeo akusema mpini pabwalo, kunamveka mawu kuchokera m'nyumba ya apongozi.

"Bambo, lowani. Ndikuuzeni za kuphanga zija."

Anataya kasemasema, n'kuthamangira pakhonde. Chitseko chinali chotsegula. Koma atafika pakhomopo ananjuta. Alowe yekha m'nyumba mogona apongozi? Anthu akamva adzati chiyani?

"Ndamva, amayi. Marita afika pompano, tilowa limodzi."

"Lowani, bambo," anateronso aNambewe, mawu akuzilala.

Alufeo anadikira, maso ali kunjira ya kudambo. Marita anachedwa. Atafika anatula mtsuko, n'kulowa, ndipo posakhalitsa anatuluka manja ali kumutu, akulira.

Pamaliro azimayi ankalozerana Alufeo. "Mkamwini waulemu ndi ameneyu, anzanga. Anachita kumuitana, koma pakhomo sanadumphe." Iye ankangoti zikomo.

Anakhala zaka zambiri, n'kulemba mbiri za midzi yonse yozungulira phirilo. Ya phanga lija sanailembe, ndipo palibe wina amene angailembenso.