Zipweyo za Mkamwini

Amuna anga anali munthu wosadziwa kukana. Ukawauza kuti denga la amayi likudontha, ankakwera. Ukawauza kuti nkhokwe ya alamu awo yapendekeka, ankanyamula nkhwangwa osafunsa kuti adya liti. Anabwera kwathu chikamwini kuchokera cha ku Nsadzo, m'zaka za m'ma 1950. Munda umene ankalima unali wa amayi, nyumba anamanga okha koma pamalo pathu, ndipo mwana wathu woyamba atabadwa, abale anga ankawakumbutsa moseka kuti mwana ndi wa kuchikazi. Iwo ankangoseka nawo. Ndinkawakonda kwambiri, koma kufatsa kwawoko nthawi zina kunkandipsetsa mtima.

Malo amodzi okha ndi amene ankawatsegula pakamwa. Kumunsi kwa mudzi wathu kunali dambo, ndipo pakati pake panali dziwe losaphwa ngakhale m'chilimwe. Padziwepo pankatera abakha a m'thengo aja olira ngati likhweru, amene timati zipweyo. Chaka choyamba cha ukwati wathu, amuna anga akumweta udzu, anapeza chisa chosiyidwa, naika mazirawo pansi pa nkhuku yanga yofungatira. Ana ataswedwa anakula, nauluka, koma sanapite kutali ndi dziwelo. Kuyambira pamenepo zipweyo zonse za padziwepo, zoleredwa ndi nkhuku ndi zobwera zokha, ankazitcha zawo. M'mudzi monse ndi chinthu chokhacho chimene ankanena kuti "changa", ndipo palibe ankawatsutsa chifukwa palibe ankachifuna.

Kudyetsa kwake kunali ndi malamulo. Ankatenga gaga, mapira pang'ono, nthawi zina chiswe, n'kuwaza m'madzi osaya, kenako n'kukabisala kuseri kwa chulu. Pamanja sankazipatsa, ngakhale zimene analera okha.

Tsoka lake, m'mbali mwa dziwelo munkadutsa njira ya anthu opita kumalire, ku Kasakatiza. Amuna ambiri masiku amenewo ankawoloka malire kukafuna ntchito kumafamu, ena pothawa chibalo. Akafika padziwe ankakhala pansi, kumasula kamba wawo, n'kumaponyera mbalame nyenyeswa za mkute kapena za chinangwa. Pamenepo mkamwini wathu wofatsa uja ankaponya khasu pansi.

"Zikomo apaulendo, mwayenda bwanji? Koma icho musaziponyere," ankatero. "Mkute umawola m'madzi. Komanso mukazizoloweza dzanja la munthu, mawa zidzayandikira wa legeni. Inu mudzakhala mutapita, maliro adzakhala anga."

Ena ankapepesa, ena ankafunsana kuti munthuyu ali bwinobwino kodi. Ine pochapa chapatali ndinkachita manyazi mpaka kubisa nkhope m'chitenje. Ndikawadzudzula kunyumba, ankangoti, "Mlendo sadziwa, ndiye ndimusiye osadziwa?"

Chaka chimene mwana wathu anayamba kuyenda, ndinapeza kamtolo kudenga, kobisidwa pakati pa udzu ndi phaso. Munali bulangete lawo ndi nsapato za tayala zatsopano, zosapondapo pansi. Sindinafunike kuombeza. Munthu sagula nsapato kuti azikalimira munda wa apongozi. Amuna anga ankadikira kuti tikolole, awoloke malire monga anzawo, ndipo ambiri mwa anzawowo sanabwerenso. Ndinabweza kamtoloko mmene kanalili, osanena kanthu, koma mtima unandiwawa. Amayi ankakonda kunena kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo ndinayamba kudana nawo mwambiwo.

Tisanakolole, tsiku lina masana, padziwe panafika bambo wachikulire wa chipewa ndi sutikesi yachitsulo. Anakhala pamwala, natulutsa chakudya choyera chofewa, chimene ife tinkati pau, chimene tinkangochiona kukantina, kusitolo kuja. Anayamba kunyema n'kumaponya m'madzi, zipweyo n'kumasendera. Ine ndinali kutsidya ndi mtsuko, ndipo ndinaona amuna anga akutuluka m'bango, matope mpaka m'mawondo.

Tsiku limenelo ngakhale moni anamufupikitsa.

"Bambo, imvi zonsezi simudziwa kuti mbalame ya m'thengo siidya za kusitolo? Chimenecho chimatupa m'mimba. Ngati chakukwanani, bwezerani m'thumba."

"Ndi buledi wabwinobwino uyu," anatero mlendoyo. "Kodi abakhawa ndi anu?"

"Ndi anga."

"Nanga dziweli?"

Amuna anga anati, "Dziwe ndi la eni mudzi. Koma abakhawo ndi anga."

Mlendoyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumatope, natseka sutikesi, nalowera njira ya kumudzi kwathu. Ine ndisanafike ndi madzi, ndinamva nthungululu ndi kulira kwa amayi. Mlendo uja anali atsibweni, mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba yathu, amene anapita ku Walale ine ndili wakhanda. Amuna anga anali asanawaonepo, inenso padziwe paja sindinawazindikire. Mkamwini amene watukwana mwini mbumba sachita kuthawa, amachita kumupatsa mphasa yake. Ndinaganiza za kamtolo kaja, kuti tsopano kapeza chifukwa.

M'mawa mwake atsibweni anatiitanitsa pakhonde pa amayi. Amuna anga anakhala pansi chapatali, atapinda miyendo, chipewa m'manja. Abale anga anadzaza bwalo, ena akubisa kuseka.

"Ndinanyamula buledi ulendo wonse uja," anayamba atsibweni, "ndipo moni woyamba m'dziko la makolo anga unali wondiwerengera imvi. Akamwini, muli ndi mawu?"

Amuna anga anaomba m'manja mwaulemu. "Atsibweni, ndinalakwa. Za imvi zija sindinayenera kunena, mundikhululukire." Ndinapuma pang'ono. Koma iwo anapitiriza, maso ali pansi: "Koma pauyo ndiye ayi. Ngakhale lero mukapita nayenso, ndikuletsaninso."

Amayi anagwira pakamwa. Ine ndinkafuna nthaka indimeze, komabe pansi pa mtima ndinanyada, chifukwa aka kanali koyamba kuwamva akukana chinthu pabwalo lathu.

Atsibweni sanaseke, sanakalipenso. Anakhala nthawi akupukuta chipewa chawo ndi chikhatho.

"Zaka zonsezi ndakhala kwa eni," anatero. "Ndinkaphika chakudya cha eni, kusesa nyumba ya eni, kulera agalu a eni. Ndinalibe ngakhale nkhuku yoti ndimukalipire munthu. Dzulo ndinafunsa kuti dziwe ndi la yani, ndipo yankho lake ndinalimva." Anatembenukira kwa amayi. "Mlongo wanga, dimba la m'mbali mwa dziwe lija alima ndani?"

Amayi anati lagonera kuyambira pamene agogo anamwalira.

"Lisagonenso. Likhale la akamwiniwa, lawolawo, pamodzi ndi gombe lake. Munthu akamaletsa alendo aziima pake."

Amuna anga anaombanso m'manja. Ine ndinayang'ana kumbali kuti abale anga asaone misozi yanga.

Atsibweni buledi wotsalayo anagawira ana, ngakhale anali atayamba kuuma. Pambuyo pake ankatsikira kudziwe ndi kalichero ka gaga, n'kumabisala kuseri kwa chulu pamodzi ndi mkamwini wawo, akulu awiri akunong'onezana ngati ana akuba mango. Wapaulendo akangomasula kamba, tsopano ankadzudzulidwa ndi anthu awiri, ndipo wachipewayo ndiye anali wolusa kwambiri.

Za kamtolo kaja sitinakambiranepo, amuna anga ndi ine, mpaka imfa inatilekanitsa. Titakolola ndinangoona bulangete lija litayanikidwa padzuwa, ndipo nyengo yozizira itafika tinafunditsa mwana. Nsapato zija amuna anga anazitsitsanso, n'kuyamba kuzivala m'mawa uliwonse chifukwa cha minga ya m'njira. Tayala silitha msanga, koma zimenezija zinatha mpaka kubooka kuchidendene, ndipo ulendo wake wonse unali wochoka pakhomo panga kupita kudziwe ndi kubwerera.