Anyezi wa mayi a mapasa

Mayi a mapasa ankadziwika ndi fungo la kukhitchini kwawo. Mumsewu wawo munali nyumba zisanu ndi zitatu zoyang'anizana, ndipo ikakwana faifi koloko madzulo aliyense ankadziwa kuti pa nyumba yachitatu anyezi wagwera m'mafuta. Akazi anzawo ankabwera kudzapempha mchere umene anausiya kwawo, cholinga asuzumire mupoto. Sukulu mayiwa sanapite nayo patali, kusoka kunawakanika, kuimba ndiye tisanene, koma akagwira mpeni ndi anyezi ankaima ngati munthu waudindo. Pa zaka makumi awiri ndi zisanu za ukwati, amuna awo sanadyepo kwina mwakufuna kwawo. Mapasa aja anakula n'kupita kukagwira ntchito kutali, m'nyumba n'kutsala anthu awiri ndi mapoto khumi.

Bambo a mapasa anali dalaivala wa lole yonyamula katundu wa m'masitolo. Anali munthu wofatsa, woonda, wa mimba yovuta. Matendawa anawayamba zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo: m'mimba kupotokola, kufufuma, sabata ino kutsegula, sabata yamawa kudzimbidwa. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo bambowa anatsekula zitseko zambiri. Ankadziwa chimbudzi cha malo aliwonse omwetsera mafuta pa msewu wawo, chimene chili ndi madzi ndi chimene loko wake ndi wothyoka. Kuchipatala anawayeza magazi, anawajambula, mpaka dokotala anawauza kuti matendawa sapha koma satheratu, ndipo mankhwala ake enieni ali m'mbale. Anawalangiza kuti azilemba mukope zimene adya ndi zimene zatsatira, kenaka azisiya zakudya chimodzichimodzi kuti apeze zimene zikuwavuta.

Mkaka anasiya, nyemba anasiya, kabichi anatsanzikana naye. Mayi a mapasa anavomera zonsezi osanyinyirika. Koma tsiku limene bambowo anatseka kope n'kunena kuti, "Amayi, zikuoneka kuti anyezinso sakundiyanja," mayiwo anati chabwino pakamwa pokha. Chakudya chopanda anyezi n'cha kuchipatala, ndipo iwo sakanadyetsa mwamuna wawo zakudya za odwala m'nyumba yake yomwe. Anaganiza paokha kuti chovuta ndi zidutswa, poti mimba yofooka singagaye zinthu zooneka ndi maso. Choncho anagula kamtondo kakang'ono. Anyezi ankamusinja mpaka kusanduka phala, n'kumusefa, n'kumuthira mumsuzi moti ngakhale wovala magalasi sakanamupeza. Bambo akafunsa za kafungo, ankayankha kuti ndi poto, anazolowera. Iwo sankaona ngati bodza. Ankaona ngati chisamaliro chimene mwamuna safunika kuchidziwa, ndipo anachita zimenezi kwa zaka ziwiri.

Zinthu zinasintha pamene ku depoti kumene malole amagona kunatsegulidwa kantini. Bambo a mapasa anayamba kubwera madzulo akuimba mluzu. Akadya kumeneko masana, ankayenda ulendo wonse osaima. Akadya kunyumba madzulo, m'mawa ankadzuka atapindika. Loweruka ndi Lamulungu, masiku odya kunyumba katatu, ndiye ankangokhala pafupi ndi chitseko chija. Zonsezi ankazilemba mwa chilungamo chawo chopanda nzeru, n'kusiya kope patebulo. Tsiku lina mayi akupukuta fumbi analitsegula. "Lachiwiri masana, kantini, mpunga ndi nsomba, bwinobwino. Lachiwiri madzulo, kunyumba, nkhuku, zavuta." Anawerenga masamba asanu, ndipo paliponse pamene panali mawu akuti kunyumba, pambali pake panali zavuta.

Lachinayi la sabata imeneyo bambo analowa atanyamula bakuli lachilendo lokulungidwa m'kansalu koyera. Pa tebulo panali kale nkhuku imene mayi anaiyang'anira maola awiri.

"Ichi n'chiyani, bambo a mapasa?"

"Chakudya chamadzulo. Mawa ndili ndi ulendo wautali, ndipo bwana wandichenjeza kale za kuimaima panjira. Mayi wa kukantini uja wandilongerako."

"Wakulongerani. Ndiye kuti m'nyumba muno moto unazima?"

"Ayi amayi, musatero. Kungoti chakudya chake chimandiyanja."

Chimandiyanja! Mawu amenewa anawalowa mpaka m'mafupa. Anakhala moyang'anizana ndi mwamuna wawo, kumuona akumaliza mpunga wa mkazi wina mpaka kukanda pansi pa bakuli, nkhuku yawo ikuzizira. Akanapeza kalata ya chibwenzi m'thumba la malaya akanadziwa chochita: kukuwa, kulongedza, kuitana abale. Koma ungamuzenge mlandu wanji mkazi amene wakubera mimba ya mwamuna wako, pamene mwamunayo akunenepa? Bakuli lija analitsuka okha, atayamba alinunkhiza. Munalibe fungo lililonse loti munthu n'kulichitira nsanje, ndipo izi zinawapsetsa mtima kuposa.

Lolemba linabweranso bakuli, Lachiwiri chimodzimodzi. Madzi atafika m'khosi, Lachitatu m'mawa mayi a mapasa anavala diresi lawo lapamwamba, lija amavala pokaona mapasa, n'kukwera basi ya ku depoti. Panjira ankadzitonthoza kuti ukaipa dziwa nyimbo: mkazi wophika mpaka kusokoneza mabanja ayenera kuti nkhope inamumana.

Nkhope sinamumane. Anali mkazi wamtali, wa epuloni yoyera mbee, wa mpata pakati pa mano, ndipo ankaseka ndi makaniko wina uku akuomola mpunga. Kantiniyo inali chipinda chimodzi cha matebulo anayi, kuseri kwa mulu wa matayala akale. Pa mbaula panali mapoto atatu akuluakulu. Pambali, payekha, panali kapoto ka chivindikiro chabuluu, supuni yake itamangidwa kachingwe kofiira.

"Takulandirani mayi, tikuthandizeni?"

"Ndine mkazi wa dalaivala wa lole yobiriwira."

"Iii, ndinu mayi a mapasa! Khalani pansi, khalani pansi. Amakutchulani tsiku lililonse."

Mayiwo anakhala pa nsonga ya benchi, chikwama chili pamiyendo. Sanabwere kudzalandiridwa bwino chonchi. Analoza kapoto kaja ndi mlomo.

"Ako ndi ka ndani?"

"Kameneko ndi kathu, ine ndi bambo akunyumba kwanuwo. Inenso mimba yanga ndi yomweyo, zaka khumi tsopano. Ndiye ndimaphika kamodzi, n'kugawa pawiri."

Kathu. Chiyambire matendawa, mayi a mapasa ankadya nyemba zawo ndi tsabola, mwamuna akudya zina pambali. Uyu wangobwera dzana, ndipo akudya naye kapoto kamodzi, akudwala naye nthenda imodzi.

"Mumathiramo chiyani chimene ife osadziwa kuphika sitichidziwa?"

"Palibe, mayi, nkhani ndi zimene sindithiramo. Anyezi ayi, adyo ayi. Ngakhale timakyubu ta msuzi tija, muli anyezi waufa. Supuni iyi siilowa m'mapoto enawa. Koma chikutizunguza mutu n'chakuti akuti kunyumba munasiya anyezi kalekale, nanga chikuwavuta n'chiyani? Dzulo anabweretsa kope lawo lija, tinakhala nalo tsamba ndi tsamba, osapeza kanthu."

Ngakhale kope analiwerengera limodzi! Mayi a mapasa anayang'ana matayala panja, n'kufunsa ngati akufunsira mnzawo wakutali.

"Nanga munthu atamusinja anyeziyo, n'kumusefa, osaonekanso?"

"Ameneyo ndiye woipitsitsa. Chidutswa munthu amachiona n'kuchiika pambali. Wosinjayo walowa mumsuzi wonse, uthawira kuti?"

Mayi wa kukantini anati anene zina, koma anaima. Anayang'ana nkhope ya mlendo wake, kenaka manja amene anafinya chikwama, ndipo anatembenuka n'kuyamba kutakasa poto amene sankafunika kutakasa. Anali atadziwa. Akanaseka, mayi a mapasa akanapeza poyambira ndewu. Koma iye anangonena chapansipansi, nkhope ili kupoto.

"Jinja amathandiza kafungo. Masamba obiriwira a anyezi wamasamba uja ine sandivuta, bola osafika kumutu koyerako. Koma mimba zimasiyana, muziyamba ndi pang'ono."

Chifundo chimenecho chinawawawa kuposa chipongwe. M'basi pobwerera anakhala kuwindo osaona kanthu. Amati safunsa anadya phula, koma apa wosafunsa anali iwo, ndipo wodya phulayo anali mwamuna wawo. Anakumbukira m'mawa uliwonse umene anamuona akutuluka atagwira pamimba, iwo akumumvera chisoni n'kumulonjeza msuzi wabwino madzulo. Anachita manyazi, koma nsanje sinachoke. Zinakhala limodzi pa mpando womwewo mpaka anatsika.

Atafika anaponya kamtondo pamwamba pa kabati, kuseri kwa katoni ya mbale za alendo. Mapoto onse khumi anawakwecha ngati muli matenda. Madzulo bambo atalowa ndi bakuli, mayi analilandira n'kuliika pawindo.

"Ndipatseni sabata imodzi, bambo a mapasa. Mudye za m'nyumba muno zokha. Zikavuta, muzikatenga kwa mnzanuyo."

"Koma amayi, ulendo wa mawa..."

"Ndati sabata imodzi."

Za kamtondo sananene. Anaphika mpunga, nsomba, kaloti, kajinja pang'ono ndi timasamba tobiriwira. Ikakwana faifi koloko mumsewu simunkamvekanso fungo la anyezi. Tsiku lachiwiri mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda n'kufunsa kuti, "Anzathu, kodi mwadwala? Masiku ano simukuphika?" Mayi a mapasa anayankha kuti ali bwino, n'kutseka windo.

M'mawa uliwonse bambo akangotuluka, mayi ankathamangira kope. Lachinayi, kunyumba, bwinobwino. Lachisanu, kunyumba, bwinobwino. Loweruka bambo anakhala pakhonde tsiku lonse akukonza wailesi, osadzuka mothamanga ngakhale kamodzi. Bakuli lachilendo lija linabwezedwa kwa mwini wake, ndipo silinabwerenso. Mtima wa mayi unayamba kukhala pansi. Mwamuna anali wawo, mbale inali yawo, ndipo mkazi wamtali uja atsale ndi kapoto kake.

Lamulungu masana bambo a mapasa anamaliza mbale yoyamba n'kupempha yachiwiri, zimene anali asanachite kwa zaka. Anadya mosathamanga, natsamira mpando, nasisita pamimba. Anayang'ana mkazi wawo ndi maso othokoza, ndipo zinaoneka kuti akufunafuna mawu aakulu kwambiri amene angawapeze.

"Amayi, sindikudziwa chimene mwachita, koma dzanja lanu lasintha. Masiku ano mukuphika ndendende ngati mayi wa kukantini."

"Zikomo," anatero mayi a mapasa, n'kusonkhanitsa mbale.

Kukhitchini anaziika musinki osatsegula madzi. M'dengu munali mutatsala anyezi mmodzi, wayamba kale kumera. Anamutenga, anakhala pa kampando, n'kuyamba kumudula bwinobwino, timizere topyapyala monga ankachitira kale, ngakhale panalibe poto womudikira. Ankafuna kuti bambo akalowa kudzatunga madzi akumwa, asafunse chimene chikuwatulutsa misozi.