Amayi Pazenera la Kalasi

Lero m'basi ndakhala pafupi ndi munthu wonunkha kachasu, ndipo ndakumbukira ku Chawama, kumene ndinakulira. Chaka chimene atate anachotsedwa ntchito kufakitale, amayi anayamba kutcheza kachasu kuseri kwa nyumba.

Tsiku lina kusukulu kunabwera anamwino ndi chithunzi chachikulu cha mwamuna woledzera atagona m'ngalande. Anatifunsa ngati tikudziwa ogulitsa mowa wotere. Mnzanga wokhala naye benchi imodzi anandiloza: "Bamake uyu bagulisa!"

"Ni boza!" ndinakuwa. "Baja si bamai banga, ni banchito chabe."

Kalasi yonse inaseka. Nditatembenuka, ndinaona amayi ataima pazenera lopanda galasi, atanyamula mbatata yootcha imene ndinaiwala kunyumba. Anaiika pazenerapo, nakonza chitenje chawo n'kubwerera.