Ndinafika pa maliro anga nditasenza ufa

Ndikudziwa kuti pa komboni ya Kanyama pano ndili ndi mbiri yothira mchere wambiri m'nkhani, ndipo sindikana, koma imene ndikuuzeniyi ndi yoona, mulibe ngakhale kamchere kotsina ndi zala. Ena mwa amene anathawa tsikulo n'kusiya nsapato pakhomo panga akadali moyo, ngati akutsutsa abwere adzatenge nsapato zawozo.

Zinali zaka zija ndalama itasanduka masamba, makampani akutsekedwa, ife amene tinkadzitcha amisiri tikungoyenda manja ali m'thumba, ufa ukupezeka pokhapokha utaima pamzere kuyambira mbandakucha. M'nyengo yoteroyo bungwe lina la zaluso linatibweretsera alendo atatu oti akhale nafe miyezi ingapo: mayi wachizungu wa tsitsi ngati ndevu za chimanga, bambo wina wofatsa wa ku Joni, ndi woimba ng'oma wa konkuno ku Matero. Ntchito yawo, mundimvetse bwino, inali kutola phokoso. Anthu tikusaka ufa, iwo akusaka phokoso! Ankati mzinda uli ndi mawu ake, ndipo zimene anthu amakumbukira zimabisala m'mawumo, ndiye ankafuna kuti eni komboni tiwatsogolere, tipangire limodzi chinthu choti anthu adzamvetsere. Poti ndinali ndi chipinda chopanda munthu ndiponso pakamwa posatopa, anafikira kwanga, ine amene sukulu ndinangoilawa n'kukhala mphunzitsi wa anthu okwera ndege.

Tinkayenda ndi makina ojambulira mawu ndi ndodo yaitali ya ubweya kunsonga ngati khoswe wonenepa. Tinajambula achule a m'zithaphwi, osula mbaula akukhoma malata, amayi oswa miyala m'mbali mwa msewu, mikangano ya pa mpopi. Tsiku lina ndinawatengera ku maliro, titapempha kwa anamfedwa, chifukwa ndinkafuna amve mayi wina wa mumpingo mwathu amene akayamba kulira ngakhale chidakwa chinkavula chipewa. Maliro opanda mayi ameneyo anthu ankati sanayende bwino. Anawajambula. Mvula itafika, madzi anadzaza m'komboni monga mwa masiku onse, kolera inalowa, ndipo mayi aja anali m'gulu la oyamba kupita. Tinawaika mothamanga, popanda wowalira monga ankalirira anzawo.

Patapita masabata angapo alendo anga anati ntchito yapsa, aiseweretsa pabwalo anthu onse amve, ndipo anabwereka masipika akuluakulu ku thaveni. Ine tsikulo ndinalawirira ku mzere wa ufa, mayi a kunyumba anapita ku msika wa Kamwala kukaoda zovala. Dzuwa litapendeka, akatswiri aja anaika sipika pawindo, n'kulumikiza ku batire ya galimoto kuti ayese ngati ikumveka, ndipo pa matepi onse aja anasankha ya maliro.

Inu okulira kumayadi mwina simudziwa. M'komboni mukamveka kulira kuchokera m'nyumba, mayi safunsa kuti wafa ndani, amamanga chitenje, kuthamanga, kuyamba kulira akadali pamsewu, zofunsa zimabwera pambuyo. Amuna amatulutsa mipando panja, ena amakafuna nkhuni. Ndipo m'nyengo ya kolera, munthu woti sanaoneke chim'mawa, nyumba yake n'kumveka kulira, mukufunanso umboni wanji? Alendo anga ataona amayi akukhamukira n'kumalira anasangalala kwabasi, ankayesa kuti anthu aikonda ntchito yawo ndipo akuthandizira, mpaka anatulutsa khoswe uja n'kuyamba kuwajambula!

Ine ndikutulukira pakona, thumba la ufa lili pamutu, wonyada ngati ndapha njovu, ndinangoona mipando yanga ili panja, utsi ukufuka, anthu ali mbwee. Nthawi yomweyo ndinaganiza za mkazi wanga. Ndinafunsa bambo wina wachilendo amene anaima kumapeto kuti kwagwanji, iye n'kundiuza mwachisoni kuti mwini nyumba watisiya, mkulu wolongolola uja wosunga azungu. Anawonjezanso kuti anali munthu wabwino koma wabodza.

Ndinalowa pakati pa anthu. Woyamba kundiona anali mng'ono wanga, amene chaka chonse sanapondepo pakhomo panga, koma anali atavala kale jekete langa la ku tchalitchi. Anakuwa ngati mbuzi yogwidwa mwendo. Anthu anabalalika, ena kugwera m'ngalande, amayi onse kulira kuja anakudula pakati, kunangoti zii. Ndipo m'kachetechete mmenemo munatsala mawu amodzi okha, akulirabe m'nyumba mwanga, mawu amene aliyense pa Kanyama ankawadziwa. Mayi tinawakwirira aja.

Abale anga, ine ndinalipo tsiku lojambula, tepiyo ndinkaidziwa, koma nzeru zonse zinandithawa. Ndinadzifunsa kuti kodi mwina ndafadi pamzere paja osazindikira, ndipo mayiwa abwera kudzandilandira? Nanga wakufa amadziwa bwanji kuti wafa? Ndinadzitsina, ndinamva kuwawa, koma ndani anabwerako kudzatiuza kuti kumeneko sikuwawa?

Mantha a anthu sachedwa kusanduka ukali. Wina anakuwa kuti alendowa atsekera mzimu wa mayi aja m'bokosi, ndiwo anawapha, ndipo ine ndasanduka kale chipuku chawo, mzukwa wowatumikira. Miyala inayamba kugwa padenga, windo linasweka, wina anathamangira parafini. Alendo anga anadzitsekera m'kati, woimba ng'oma akuyesa kufotokoza pawindo koma palibe womumva. Ndinadziwa kuti akangoyatsa, anthu atatu amene anadya m'mbale mwanga apsera m'nyumba yanga.

Sindikudziwa mphamvu zinachokera kuti, koma ndinakaima pachitseko, thumba langa lili m'manja. Ndinaona kuti kufotokoza za matepi n'kutaya nthawi. M'khamumo ndinaona ba neba anga, mayi wa Chibemba wogulitsa makala, ndipo mukudziwa kuti ife a kum'mawa ndi Abemba ndife pachimbuya, timanyozana, ndipo pa maliro athu iwo ndi amene ali ndi ufulu wotiseka ndi kutipaka ufa. Ndinawakuwira kuti kodi Mbemba anayamba liti kuopa mtembo wa wakum'mawa, mtundu wodya anyani n'kumanjenjemera ndi munthu wodya mbewa? Ndinati ngati awa ndi maliro anga agwire ntchito yawo, asandichititse manyazi pamaso pa alendo.

Mayiyo anali ndi mwala m'manja. Anauponya pansi, anabwera, anandigwira khutu n'kulipotokola mpaka ndinakuwa. Anang'amba thumba langa, ufa umene ndinauimira tsiku lonse, anatapa ndi manja awiri n'kundithira kumutu mpaka ndinayera ngati mzukwa weniweni. Anauza anthu kuti mtembo uwu ndi wotentha, ndipo ndi wakum'mawa yekha angabwerere ku manda chifukwa choumira thumba la ufa. Wina anaseka, wina anatsatira, ndipo munthu amene akuseka mwala umamulemera.

Apo ndinalowa, ndinatulutsa makina aja n'kuwaika poyera. Mwana wamkazi wa malemu aja anabwera kutsogolo, maso ali psuu, anthu n'kumupatsa njira chifukwa mlandu unali wake. Anafunsa ngati m'bokosimo muli kulira kokhakokha. Bambo wa ku Joni uja anasintha tepi, ndipo tinamva mayi aja ali pa mpopi, akukalipira wina wolowerera mzere, kenaka akuseka chiseko chawo chija chotha mpweya. Mwanayo anakhala pansi m'matope n'kupempha kuti abwerezenso. Pamenepo amayi analira, kulira kwenikweni tsopano, ndipo maliro amene anali anga tinawapereka kwa mwini wake amene kolera inamumana. Mkazi wanga anafika nkhuni zikuyaka, n'kundifunsa kuti ufa uli kuti.

Alendo aja anatsiriza ntchito yawo, koma tepi iliyonse isanaseweredwe ankayamba aitana eni mawu kudzavomereza, lamulo limene ndinaika ine. Lero ndimakhulupirira kuti mawu a munthu sali ngati chithunzi chopachika pakhoma, ali ndi mpweya wa mwini wake, ndipo ukawatsegula umakhala wamuitana. Ndiye inu ana a masiku ano amene mumajambula chilichonse ndi mafoni, mawu a wakufa musawaseweretse musanauze abale ake ndi aneba, ndipo ngati mulibe Mbemba wa pachimbuya nanu pafupi, musayese n'komwe. Jekete lija mng'ono wanga sanabweze, akuti ndinamusiyira ndine.