Nambala Yofiira ya pa Mijigo

Kuchokera ku Kandeu mpaka ku Nsipe, mukapeza mjigo wotulutsa madzi, yang'anani pa simenti yake. Muona nambala ya foni yolembedwa ndi penti yofiira, yopendekeka ngati ikukwera chitunda. Imeneyo ndi nambala ya a Elson Chimbalanga, okonza mijigo. Dzina salembapo. Amati dzina aliyense ali nalo, ndi akuba omwe.

Foni anaigula mu 2006 atagulitsa kachewere, ndipo tsiku lomwelo anadziikira lamulo: munthu akaflasha, kuliza kamodzi n'kudula kuja, iwo aziimba. Amayi a m'makomiti a mijigo mayunitsi sakhala nawo, koma chala choflashira ali nacho. Tsono a Elson ankakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, poti netiweki ya mudzi wonse inasankha kukhala pamenepo, n'kufunsa kuti, "Wavuta ndi uti?" Chulucho chinachita kusalala pamwamba.

Amisiri ena analipo, odziwa ntchito ndithu, koma nambala zawo ankasintha ngati malaya. Akonza mjigo lero, mawa wafanso, ukaimba umangomva mayi wa m'foni uja akukuuza mwaulemu kuti nambalayi sikupezeka. Ya a Elson inakhala yomweyo zaka zoposa khumi ndi zisanu, ndipo anthu ankawakhulupirira asanawaone n'komwe. Ana ena anailoweza asanaloweze pemphero la Ambuye.

Nambala imodzi yokha ndiyo sankaibwezera, ya alamu awo a Paison, achimwene a akazi awo a Lufina. Zaka zitatu m'mbuyomo, pamaliro ku Champiti, a Paison ananena pagulu kuti a Elson amaika marabala akale m'mijigo kuti izifa msanga. Linali bodza, ndipo linawapweteka zedi. A Elson anangosiya kulankhula nawo.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, a Elson atachotsa mutu wa mjigo n'kuwerama kusuzumira m'dzenje, foni inapulumuka m'thumba la shati. Anaimva ikugunda uku ndi uku, kenako chubwi! Amayi amene ankadikira ndi ndowa anati pepani. Mmodzi anafunsa ngati madziwo amwekabe.

Ku boma, m'shopu ya kampani ya mafoni, mtsikana wa pakompyuta anati kubweza nambala si nkhani, bola mwini wake abwere ndi chiphaso cha unzika.

"Mwini wake ndine," anatero a Elson.

"Pano palembedwa Paison Kachere, bambo."

Apa m'pamene anakumbukira. Chaka chimene boma linalamula kulembetsa manambala, chiphaso chawo chinali chisanatuluke, ndiye a Paison, masiku amenewo akudyera mbale imodzi, anawalembetsera pa chawo. Posafuna kukapempha alamu awo, a Elson anagula foni ina ndi nambala yatsopano.

Milungu iwiri anazungulira pa njinga ndi chitini cha penti, kukhwacha yakale, kulemba yatsopano m'munsi mwake. Ntchito anaigwira bwino. Foni inangoti zii. Anthu poona nambala yokhwachidwa ankafunsana kuti bamboyu wathawa chiyani. Ena anati a Elson anamwalira, uyu ndi wina akufuna kudyerapo.

A Elson anaganiza zoyamba okha kuimba. Anakwera pachulu n'kuimbira a Zelesi, apampando a komiti ya mjigo ku Champiti.

"Amayi, ndine Elson wa mijigo. Iyi ndi nambala yanga yatsopano."

"Eyaa, nonse mumayamba choncho! Kenako muziti tumizani kangachepe. A Elson nambala yawo timaidziwa ife, bambo aja sasintha. Kaberani kwina, opanda manyazi inu!"

Anadula. A Elson anatsika pachulu ali ndi chisoni, komanso kunyada pang'ono, chifukwa chibadwire palibe amene anawaikira kumbuyo mwamphamvu chotero.

Patapita masiku anamva kuti mjigo wa a Zelesi womwewo unafa kalekale. Amayi ankatunga kumtsinje, ndipo m'mawa uliwonse ankaflasha nambala yakale, imene inali gone pansi pa madzi. Sankakwiya. Ankati a Elson aimba, mwina adwala.

"Bambo a Eliness," anatero a Lufina kwa amuna awo akusenda mbatata, osadzutsa mutu, "mukulimbana ndi ndani kodi? Ana a eni ake akumwa matope."

M'mawa mwake a Elson anapalasa njinga mpaka kwa alamu awo. Anawapeza akusankha kachewere pakhonde.

"Alamu."

"Alamu."

"Tengani chiphaso, tipite ku boma."

A Paison anasamba m'manja, anavala jekete la kutchalitchi. Mu minibasi anakhala mpando umodzi, dengu la nkhuku za mayi wina lili pamiyendo pawo, mpaka kufika ku boma. A Paison anasayina, mtsikana uja anapereka kakhadi, nambala inabwerera.

Atatuluka panja, a Paison anakonza kukhosi.

"Za marabala zija, alamu, unali mowa. Ndakhala ndikuflasha zaka zitatu kuti ndikuuzeni."

"Nanga osangoimba bwanji?"

"Nanga si mumaimba ndinu."

A Elson anadziwa kuti zinali zoona. Manyazi anawagwira. Anasiyana pa siteji, aliyense ulendo wa kwawo.

Pofika kunyumba dzuwa litapendeka, foni inali italira kale kasanu ndi kawiri, a Zelesi okha katatu. Akutsamiritsa njinga pankhokwe, inaliranso kamodzi n'kudula. Anayang'ana. Nambalayo ankaidziwa bwino, ngakhale anali asanaisungeko dzina. A Lufina anapitiriza kupeta ngati sanamve kanthu.

A Elson anakwera pachulu. Mijigo yakufa inali yambiri, koma anayamba ndi nambala imeneyo.

"Alamu, mwafika bwino?"