Ndere ya m'thanki

Azakhali ake amamutcha Njiniya, ngakhale kuti maphunziro ake a ku koleji anali asanathe. Dzinali linayamba ngati chipongwe ali mwana, chifukwa ankakonda kumasula mpope wa pasukulu kuti aone za m'kati. Mayi ake ndi telala, ndipo bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Pa tchuthi anzake amapita kukaphunzira ntchito m'maofesi a m'tauni. Iye anasankha kumudzi kwa azakhali akewo, kumene madzi a mumtsinje ankatsegula ana m'mimba dzinja lililonse, kuti akamange thanki yosefera madzi.

Bungwe lina linapereka simenti ndi mapaipi. Zina zonse zinabwera pamitu pa amayi. Anasenza timiyala, anasenza mchenga, nautsuka m'mabeseni mpaka zala kuchita ming'alu. Thanki itatha, Njiniya anawafotokozera kuti mchenga pawokha sukwanira. Pamwamba pake payenera kumera ndere yoterera, ndipo ndereyo ndi imene imagwira tizilombo ta matenda. Imatenga masabata kuti ikhwime, koma ikangouma imafa. Pampu yokoka madzi mumtsinje inali isanafike, choncho amayiwo anagawana masiku othiramo madzi ndi ndowa, uku kunyumba akuwiritsabe madzi akumwa pa nkhuni zotola okha.

"Ndiye tiziweta ndere ngati nkhuku?" anafunsa azakhali ake.

"Eya azakhali, koma iyi sikulowerani m'dimba."

Anaseka, nathirabe. Ndere inamera, madzi a pampope anayamba kuyera, ndipo atawayeza Njiniya ananena kuti kwatsala pang'ono kuti miphika yowiritsira ipume. Kenako anabwerera ku koleji kukalemba mayeso.

Iye kulibe, kunabwera bwana wa bungwe lija kudzakonzekera alendo amene anapereka thandizo. Anavundukula thanki, nakwinya nkhope.

"Alendo adzaone nyansi izi? Kokololani zonse."

"Mwana uja anati tisakhudze, bwana," anatero azakhali.

"Mayi, ukhondo ndi ukhondo. Kodi mtsuko wanu mumausiya chonchi?"

Anaitana amayi omwe aja, nawagawira mafosholo ndi maburashi. Anakhuthula madzi, anapala ndere yonse, ndipo thankiyo inakhala yapululu padzuwa kuti penti woyera aume. Manja amene analera ndereyo ndi omwewo anauzidwa kuti aiphe, ndipo pa ntchito ziwiri zonsezo palibe anati zikomo.

Njiniya anafika tsiku la alendo, mipando itaikidwa kale. Thanki inkawala. Anakwera pa makwerero, anasuzumira, naona mchenga woyera mbee pansi pa madzi ongothira kumene.

Pansi bwana anali atatunga madzi m'tambula pampope, mwana wa mayi wina ataimitsidwa kutsogolo kuti amwe pamaso pa wojambula.

"Tsika, mtsikana iwe, udzamupatse ndiwe. Chithunzi chikhale chabwino."

Anatsika, nalandira tambulayo, nathira madziwo pansi.

"Madzi awa asamwe munthu," anatero mokweza. "Ndi a mumtsinje omwe aja, angodutsa mumchenga wopanda kanthu."

"Ukundichititsa manyazi pamaso pa alendo?"

"Ngati ndi abwino imwani ndinu, bwana. Nditunge ena?"

Mayi wina kumbuyo anatsamwa ndi phwete. Bwana sanatenge tambulayo. Alendo anafunsana okhaokha, wina anagwedeza mutu, ndipo mapeto ake anajambulitsa ataima pafupi ndi khoma lopentedwalo, poti ilo linali lokongola ndithu. Galimoto zinanyamuka dzuwa lisanapendeke, kusiya mipando yoti amayi abweze kusukulu.

Njiniya anawauza zoona zake osazungulira: ndere iyambira poyamba, kuthira ndi ndowa kuyambiranso, ndipo madzi akumwa aziwiritsabe mpaka iye atawayezanso. Ankalankhula akuyang'ana pansi, ngati wolakwa ndi iye.

Mvula inali pafupi, nkhuni zouma zinali kutali. Azakhali ake anaika mpando pamutu, natembenukira anzawo.

"Mawa athira ndani?"

"Ine ndinapala dzana, msana sukuwongoka," anatero mayi wa mwana uja.

"Basi ndithira ine," anatero Njiniya. "Mundibwereke ndowa, azakhali."

"Yosadontha ili ndi madzi owiritsa. Utenge inayo, uziyenda msanga."