Jamu amene ndinawononga dala

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene adada anakwatiranso. Nthawiyo n'kuti sukulu za pulayimale zitangokhala zaulere, ndipo iwo ankaphunzitsa ku Nchenachena. Kuseri kwa nyumba yathu kunali mitengo itatu ya mapichesi imene anabzala amama, omwe anatisiya ine ndili Sitandade 3. Mkazi watsopanoyo, a Nambewe, anali wa ku Dedza, ndipo Chitumbuka ankangodziwa "yewo" basi. Ine sindinkawatchula kuti amama. Ndinkati anti, mwinanso osawatchula n'komwe.

Amama anasiya kope limene ankalembamo kaphikidwe ka zakudya zawo: nthochi zophika ndi nyama, chigumu, achali wa mango, komanso jamu wa mapichesi amene mpingo wonse unkawadziwa naye. Masamba ake anali ndi madontho a mafuta ndipo ankanunkhira utsi. Ndinkalibisa m'sutikesi, pansi pa zovala zanga.

Chaka chimenecho mapichesi anabereka mpaka nthambi kuwerama. Amayi a kutchalitchi anakonza tiyi wolandirira abusa atsopano, ndipo anapempha kuti jamu achokere kwathu monga kale. Anti anandipempha mwaulemu, ngati akupempha munthu wamkulu, kuti ndiwawerengere kope lija chifukwa linalembedwa m'Chitumbuka.

Ndinalitulutsa mtima ukuwawa. Pamene amama analemba makapu anayi a shuga, ine ndinawerenga kapu imodzi. Mzere wa madzi a mandimu ndinaudumpha, wowiritsa mabotolo ndinaudumphanso, ndipo ndinati jamuyo akangobwata aphulidwe. Anti anasuzumira patsambalo, n'kundiyang'ana, koma anachita zonse monga ndinanenera. Anatakasa ndi mthiko akuimba chapansipansi, n'kudzaza mabotolo asanu.

Panapita masabata awiri. Tsiku la tiyi, mayi wina wamkulu wa mpingo atapotokola chivindikiro cha botolo la jamu, chinalira ngati cha chakumwa, thovu n'kusefukira pansalu yoyera ya patebulo. Fungo la mowa linadzaza chipinda, pamaso pa abusa. Mayi wina ananena m'Chitumbuka kuti akazi a kumunsi, kwawo kwa anti, ndi odziwa kufulula, osati kuphika, ndipo anthu anaseka atagwira pakamwa. Anti sanamve mawuwo, koma kuseka anakumva. Anapukuta tebulo ndi chitenje chawo, n'kubweza mabotolo onse m'dengu.

Tinakwera mtunda wa kwathu mvula ikuwaza, iwo kutsogolo atasenza dengu, ine pambuyo. Pafupi ndi munda wa khofi anatula dengulo n'kukhala pamwala.

"Lusungu," anatero, "Chitumbuka sindichidziwa, koma manambala ndimawadziwa. Patsamba paja ndinaona folo."

Ndinawafunsa chifukwa chimene anandimverabe.

"Ndinaganiza kuti mwana amene ankaima pafupi ndi mayi ake akuphika akudziwa zambiri kuposa pepala. Ine sindinabwere kudzalanda malo awo, mwanawe. Ndimangofuna kuti m'nyumba mwathu musathe jamu wawo."

Ndinalira kwambiri pamwala pomwepo, ndipo iwo anandifunditsa mbali youma ya chitenje chija mpaka nditatonthola. Adada atafunsa mmene tiyi anayendera, anti anangoti jamu sanakhale bwino, ayesanso. Dzina langa silinatuluke. Ndinayembekezera chikwapu sabata yonse, koma sichinabwere, ndipo kusabwerako kunandipweteka kuposa chikwapucho.

Loweruka lotsatira ndinakwera ndekha mumtengo n'kuthyola mapichesi otsala, ena mbalame zitajompha kale. Ndinawerenga tsamba lija mzere ndi mzere, ndikumasulira mawu aliwonse. Anti anasenda, ine ndinafinya mandimu. Tinawiritsa mabotolo m'sefuliya yaikulu. Jamu atayamba kulimba ndinawaonetsa chimene kope silinanene, chomwe ndinaona amama akuchita: kudontheza pang'ono pambale yozizira n'kukankha ndi chala. Akachita makwinya, ndiye kuti wapsa. Tinapeza mabotolo awiri okha. Limodzi ndinapita nalo ndekha kunyumba ya abusa, ndipo ndinauza amayi busa chimene ndinachita. Dzina loti amama linanditengerabe chaka china kuti lituluke pakamwa panga, ndipo anti sanandifulumizitse.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndapitirira zaka zimene iwo anali nazo nthawi imeneyo. Ndi pano pamene ndimaona kuti anali mtsikana chabe, kutali ndi abale ake, pakati pa anthu olankhula zimene sankamva, akufunitsitsa kulandiridwa. Akanangonena mawu amodzi tsiku lija, manyazi onse akanachoka pa iwo n'kugwera ine. Anawasenza okha, chifukwa anaona kuti mwana amene anawachita chipongweyo anali asanamalize kulira maliro a mayi ake.